Mphatso za m'midzi pa ulendo wokaona nyama: momwe mungaperekere osasiya mkangano m'mbuyo

Ambiri opita kukaona nyama ku Liwonde, ku Majete, ku Nkhotakota kapena kutsidya ku South Luangwa amafuna kusiyako kanthu m'midzi yomwe akudutsamo. Ena ndi alendo akunja omwe mwawaperekeza inu, ena ndi abale athu a ku Joni kapena ku UK omwe abwera kutchuthi ndi anzawo. Mtima umakhala wabwino, koma kaperekedwe ndi kamene kamalakwika. Galimoto imaima pamsewu wafumbi, galasi limatsika, thumba la maswiti ndi zolembera limatuluka. Ana amathamangirana, wamphamvu atenga zitatu, wamng'ono atsala akulira pafupi ndi tayala. Mawa lake ena mwa anawo m'kalasi mulibe, ali pamphambano kudikira galimoto ina.

Malangizo awa ndi a amene akukonza ulendo wotere kapena akuperekeza alendo. Mutu wake ndi umodzi: amene akudziwa chosowa ndi eni mudzi, choncho mphatso iyambire kwa iwo ndipo idutse m'manja mwa anthu omwe mudziwo unawasankha.

Zoti mukhale nazo

- Nambala ya foni kapena ya WhatsApp ya munthu wa pa loji kapena wa ku paki yemwe amaona za midzi yozungulira
- Mndandanda wa zosowa wochokera kwa eni ake: sukulu, chipatala kapena komiti ya m'mudzi
- Kalata ya olandira, yosainidwa ndi yodindidwa chidindo
- Ndalama za kwacha, zapamanja pang'ono, zina pa Airtel Money kapena Mpamba
- Chikwama chofewa ndi sikelo yapamanja, ngati pali katundu wochokera kunja
- Makatoni kapena matumba a saka, selotepi ndi cholembera chachikulu cholembera pa makatoni
- Kope lolembamo zoperekedwa, ndi envulopu yosungiramo malisiti
- Chitenje kwa amayi, buluku lalitali kwa abambo

1. Funsani musanagule kanthu

Sitepe imeneyi ndi imene anthu amailumpha, ndipo zolakwika zambiri zimachokera pomwepa. Kutatsala mwezi kapena iwiri, lemberani loji yomwe mukagone. Malo ambiri ogona alendo ozungulira mapaki ali kale paubale ndi sukulu kapena chipatala chapafupi, chifukwa antchito awo amachokera m'midzi yomweyo. Bungwe la African Parks, lomwe likuyendetsa Majete kuyambira 2003 ndi Liwonde ndi Nkhotakota kuyambira 2015, lili ndi antchito omwe ntchito yawo ndi yolumikizana ndi midzi. Ku Mfuwe kuli Project Luangwa ndi Chipembele Wildlife Education Trust, onse akugwira ntchito ndi masukulu a m'chigwa cha Luangwa. Alendo ochokera kunja atha kuonanso pa intaneti mndandanda wa Pack for a Purpose, pomwe maloji ena amalembapo zomwe masukulu ndi zipatala zawo zapempha.

Kafunsidwe nakonso kali ndi nzeru yake. Mukafunsa kuti "Tikubweretsereni zidole?" yankho lidzakhala "Zikomo kwambiri, zitithandiza", ngakhale zisakufunika. Kwathu kuno mlendo sitimukanira mphatso pamaso. Choncho musatchule chinthu. Lembani chonchi:

"Aphunzitsi aakulu, tikubwera kudera lanu mwezi wa Okutobala ndipo tili ndi kangachepe koti tithandizire pasukulu. Tikupempha kuti mukambirane ndi komiti ya sukulu, kenako mutiuze zinthu zitatu zomwe zikusowa kwambiri, kuyambira chofunika koposa. Mutiuzenso kuti ana alipo angati m'kalasi iliyonse."

Mukatero mudzamva zomwe simukanaziganiza: choko, maloko a zitseko za m'makalasi, zidebe za madzi osamba m'manja, malata awiri omwe anasasuka ndi mphepo, utoto wakuda wopaka pa bolodi. Palibe mlendo amene amanyamuka ku London akuganiza za utoto wa bolodi, koma mphunzitsi amene akulemba pa bolodi loyererako amauganizira tsiku lililonse.

Chenjezo: nenani poyera kukula kwa thumba lanu. Mukangoti "tikufuna kuthandiza", uthenga ukamafika kwa munthu wachisanu udzakhala utasanduka buloko ya makalasi awiri ndi nyumba ya mphunzitsi. Tchulani ndalama yake yeniyeni, ndipo itchuleni yotsikirapo pang'ono.

2. Onani kalendala

Nyengo yabwino yoonera nyama ndi yachilimwe, kuyambira Julayi mpaka Okutobala, udzu ukauma ndipo nyama zikamasonkhana kumadzi. Vuto lake n'lakuti mu Ogasiti sukulu za ku Malawi zimakhala patchuthi chachitali. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Ku Zambia chaka chimayamba mu Januwale, koma nakonso Ogasiti ndi mwezi wa tchuthi. Mukafika nthawi imeneyo mudzapeza makalasi okhoma. Si chifukwa choti muwaitanitse ana kunyumba kuti adzakuvinireni. Panganani ndi mphunzitsi wamkulu ndi wapampando wa komiti, alandire katundu ndi kumutsekera mu ofesi mpaka potsegulira.

Pewani masiku a mayeso. Kumadera a Machinga, Balaka ndi Mangochi, komwe Asilamu ndi ambiri, Lachisanu masana anthu amakhala kumzikiti. Ndipo mukamva kuti m'mudzi mwagwa maliro, mwambo wanu wayamba waima, ngakhale mutachokera kutali bwanji. Siyani katundu ku loji, adzapereke tsiku lina.

3. Gulani kuno zomwe zimapezeka kuno

Makope, mapensulo, zolembera, choko, marula, sopo, shuga, zidebe, zitenje, mabulangete: zonsezi zili m'mashopu a ku Limbe, ku Old Town ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Chipata. Kuzinyamula pandege kuchokera ku Manchester n'kutaya malo m'chikwama, komanso n'kumana wogulitsa wa kuno ndalama yomwe ikanatsala m'dziko. Wopita ku Majete agulire mu Blantyre asanatsike mapiri a ku Chikwawa. Wopita ku Liwonde atha kugula ku Zomba, ku Balaka kapena pa Liwonde pomwepo. Wolowera ku Mfuwe podzera pa Mchinji ndi Mwami agule ku Chipata. Mukatero katunduyo sadutsa n'komwe pachipata cha dziko. Mabuku owerenga a Chichewa afufuzeni m'mashopu a mabuku monga a CLAIM. Buku la nthano za chipale chofewa, lolembedwa m'Chingerezi chovuta, limangodyedwa ndi chiswe mu kabati.

Zoyenera kuchokera kunja ndi zomwe kuno n'zodula kapena zosalimba: mipira yabwino, nyale zoyendera dzuwa, makalikyuleta a ana a sekondale, magalasi owerengera ngati chipatala chapempha. Mipira muiphwetse polongedza ndipo musaiwale pampu ndi singano zake zingapo. Mpira wopanda pampu umatha mlungu umodzi, anyamata n'kubwerera ku chikulunga. Musaiwalenso atsikana. Ili ndi dziko la ma Queens. Pafupifupi sukulu iliyonse ili ndi bwalo la mpira wamanja, koma alendo khumi akabwera, asanu ndi anayi amanyamula mpira wamiyendo wokhawokha.

Za atsikana pali china chimene mphunzitsi wamkulu wachimuna mwina sangachitchule pa foni: zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi. Funsani amayi a Mother Group. M'masukulu ambiri amayiwa amasoka okha mapadi ochapa, ndipo chomwe amasowa ndi nsalu, ulusi, singano, mwinanso kukonzetsa mashini osokera. Nkhani imeneyi akambirane amayi okhaokha, osati pabwalo pamaso pa anyamata.

Chenjezo pa zovala zakale: kaunjika, kapena kuti salaula ku Zambia, ali pamsika uliwonse, ndipo pali mabanja omwe amadyera bizinesi imeneyo. Zovala zaulere zosasankhidwa sizithetsa vuto lililonse. Ngati apempha mayunifolomu, gulani nsalu n'kulipira telala wa pamsika wapafupi kuti asoke atawayeza anawo.

4. Mankhwala ali ndi malamulo ake

Musatolere mapiritsi otsala kunyumba n'kuwathira m'jumbo kuti mukapereke kuchipatala. Ku Malawi mankhwala olowa m'dziko amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ku Zambia ndi ZAMRA. Malangizo a bungwe la WHO pa mankhwala operekedwa ngati thandizo amati akamafika akhale atatsala ndi chaka chimodzi kapena kuposerapo asanathe mphamvu, ndipo akhale omwe olandirawo apempha. Mankhwala olembedwa m'Chijeremani, omwe namwino sangawerenge, asanduka katundu woti chipatala chivutike kutaya.

Ngati mtima wanu uli kuchipatala, lankhulani ndi mkulu wa pachipatalapo, ndipo chachikulu chilichonse chidziwike ku ofesi ya zaumoyo ya boma limenelo. Kawirikawiri adzakupemphani zinthu wamba: magolovesi, sopo, nyale ya m'chipinda chochilira amayi, mabatire a makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Mankhwala musapereke kwa munthu payekha pamsewu, ngakhale panado.

Masikito nawonso adutsire kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo. Ogawidwa mwachisawawa m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire amathera m'madzi kukokera nsomba, kapena kutchingira dimba.

5. Longedzani, ndipo konzekerani a kasitomu

Ndege zikuluzikulu zambiri zimalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, koma ndege zing'onozing'ono zotera m'mapaki nthawi zambiri zimalola pafupifupi makilogalamu 15, m'chikwama chofewa. Yezani musananyamuke. Katundu wolemera apite pagalimoto.

Chotsani mapulasitiki ndi makatoni okutira zinthu muli kunyumba. Kumudzi kulibe galimoto yotola zinyalala, ndipo Malawi adaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Lembani pa katoni iliyonse zomwe zilimo, kuchuluka kwake ndi komwe ikupita.

Pabwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka, a MRA akaona nyale makumi atatu zofanana angaziyese zamalonda. Onetsani kalata ya olandira ndi malisiti, ndipo nenani zoona. Dziwani kuti kalata payokha sikutanthauza kuti msonkho wachotsedwa. Kuchotseredwa msonkho kumakonzedwa katundu asanafike, kudzera kubungwe lolembetsedwa lomwe likulandira. Ngati katundu ndi wochuluka, bungwelo lifunse ku MRA, kapena ku ZRA ngati mukulowa ku Zambia, inu musanakwere ndege. Mukalipira kanthu, landirani lisiti ya boma.

6. Lowani m'mudzi podzera pakhomo

Inu wolankhula Chichewa, apa ndiye pa ntchito yanu. Mlendo wanu sadziwa kuti mudzi uli ndi mwini. Uthenga ufike kwa anyakwawa tsiku lisanafike, kudzera kwa munthu wa pa loji kapena wa komiti. Ngati thandizo likukhudza midzi ingapo, monga mjigo, agulupu ndi komiti ya chitukuko ya VDC adziwe.

Mukafika, khalani pomwe akulozerani, dikirani moni, ndipo musayambe ndinu kufotokoza chomwe mwadzera. Adzakufunsani okha. Mlendo avule chipewa ndi magalasi akuda, apereke moni dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, ndipo aphunzireko "Muli bwanji" ndi "Zikomo". Ku Vwaza ndi ku Nyika, "Muli uli" ndi "Yewo" zidzamutsegulira njira. Paketi ya shuga ndi sopo ya amfumu si ziphuphu, ndi ulemu wa mlendo. Koma ikhale yosiyana ndi katundu wa sukulu, ndipo onse aone kuti n'zosiyana.

Muwauziretu alendo anu kuti si onse okhala m'mbali mwa paki amene amaiona njovu momwe amaionera iwo. Amene adagona kumunda kuimba zitini kuti chimanga chisathe, kapena adataya m'bale wake, ali ndi nkhani ina. Kuzungulira Kasungu, komwe njovu 263 zidasamutsidwira kuchokera ku Liwonde mu 2022, madandaulo a alimi a mbali zonse ziwiri za malire akhala akumveka kwambiri. Wina akayamba kudandaula, mvetserani. Si tsiku loti mlendo aphunzitse anthu ubwino wa nyama zakutchire.

7. Perekani pamaso pa mboni, ndipo zilembedwe

Katundu aperekedwe kwa anthu osachepera atatu: mphunzitsi wamkulu, wapampando wa komiti ya sukulu, ndi mmodzi wa makolo kapena wa Mother Group. Tsegulani makatoni, werengani limodzi mokweza, lembani m'kope lanu ndi m'buku la alendo la pasukulu, onse asaine. Ena amaona ngati kutero n'kusakhulupirira aphunzitsi. Ine ndimaona mosiyana: kumawateteza. Popanda cholembedwa, pakangotha mlungu mphekesera imayamba yoti azungu anasiya makatoni khumi ndipo aphunzitsi aakulu adya asanu ndi awiri.

Musagawe nokha kwa ana. M'masukulu a boma si zachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1. Mukabwera ndi zolembera 40, mwasangalatsa 40 ndi kukwiyitsa ena onse pamodzi ndi amayi awo. Ngati zinthu sizikwanira aliyense, zikhale za kalasi yonse: mpira, mapu, dikishonale, wotchi yapakhoma. Zotsalazo aphunzitsi akudziwa mwana amene amalemba maphunziro onse m'kope limodzi, ndipo adzamupatsa mwakachetechete.

Musachedwe. Theka la ola lakwana, makamaka nthawi yopuma kapena ana ataweruka. Sukulu yoyandikana ndi loji yotchuka ikamaimitsa maphunziro kuti iimbire galimoto iliyonse, teremu yonse imathera m'nyimbo.

Akakupatsani nkhuku, mtedza kapena mphasa, landirani ndi manja awiri. Kukana n'kunyoza. Nkhukuyo mukaisiya kukhitchini ya pa loji. Chimene simungalandire kapena kugula ndi chochokera ku nyama zakutchire: mnyanga, chikopa, mano a mvuu, mamba a ngaka, nyama yowamba. Lamulo la ku Malawi la zanyama zakutchire lomwe lidakonzedwa mu 2017 limafika pa zaka 30 m'ndende pa milandu ikuluikulu.

8. Ngati ndi ndalama

Nthawi zambiri ndalama imathandiza kuposa katundu, bola ikhale ndi dzina la ntchito. Mjigo wa Afridev womwe waima miyezi itatu mwina ukungosowa timalabala ndi tizitsulo totsika mtengo; funsani komiti ya mjigo, gulani zipangizozo, lipirani mmisiri wa m'deralo. Sukulu ya mkombaphala ingafune ufa wa likuni phala, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi pomwe nkhokwe zatha, ngakhale inu mwabwera mu Seputembala.

Lipirani kwa wogulitsa, ku akaunti ya sukulu kapena kudzera kubungwe lodziwika, osati m'thumba la munthu mmodzi, ngakhale akhale wokoma pakamwa. Fizi ya mwana wa sekondale ipite kusukulu ndipo lisiti ibwere kwa inu. Musanayambe, werengerani zaka zonse zinayi. Kumusiya mwana mu Fomu 2 n'kopweteka kuposa kusayamba n'komwe. Mitengo ifunsidwenso pafupi ndi tsiku logula: kwacha ya Malawi idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa simenti womwe adakuuzani miyezi itatu yapitayo sungakhale womwewo lero.

9. Zithunzi

Pemphani kaye. Kwa ana, chilolezo chichokere kwa makolo kapena aphunzitsi. Musaike pa Facebook nkhope ya mwana pamodzi ndi dzina lake ndi sukulu yake, ndipo odwala m'chipatala musawajambule n'komwe. Mukalonjeza kutumiza chithunzi, tumizani pa WhatsApp ya aphunzitsi.

10. Tipi ndi nkhani ina

Gaidi, woyendetsa boti, ophika ndi oyala mabedi agwira ntchito, ndipo tipi yawo ndi ndalama, osati tisheti yakale kapena tochi yomwe simukuifunanso. Maloji ambiri ali ndi bokosi la antchito onse, pomwe gaidi amapatsidwa payekha. Musachotse pa tipi kuti muwonjezere pa mphatso ya sukulu. Malipiro a anthu amenewa ndi omwe akudyetsa mabanja m'midzi yomweyo. Gulaninso zomwe anthu akupanga: uchi, madengu, ziboliboli, kapena ku Mfuwe nsalu za Tribal Textiles ndi mikanda ya Mulberry Mongoose yopangidwa ndi mawaya a misampha yotoledwa m'tchire. Pogula musanenerere mpaka kumufinya mmisiri.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, imbani foni. Funsani chomwe chagwira ntchito ndi chomwe chaonongeka, kuti wobwera pambuyo panu adziwe.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kuponya zinthu pawindo la galimoto. Ngozi yake ndi yeniyeni: ana amathamangira galimoto ikuyenda, fumbi litaphimba dalaivala. Uzani alendo anu musananyamuke kuti galasi likatsika n'kubayibitsa basi.

Maswiti. Kumidzi yambiri dokotala wa mano ali kuchipatala cha boma, ulendo wa tsiku lathunthu.

Kulonjeza chifukwa cha chisoni cha pa nthawiyo. "Tidzaona" wa mlendo amamveka ngati "tidzachita", ndipo amene adzafunsidwe chaka chamawa ndi gaidi kapena inuyo, mlendo ali kwawo. Pomasulira musakometse mawu ake.

Makompyuta ndi matabuleti kusukulu yopanda magetsi, yopanda chitseko cholimba, yopanda woti adzakonze zikaonongeka. Funsani zinthu zitatuzi kaye.

Kuunjikira sukulu imodzi. Yomwe ili pafupi ndi geti la paki imalandira chaka chonse, pomwe ina ya makilomita khumi kumtunda sinaonepo mlendo. Mlangizi wa masukulu a m'deralo, amene timamuti PEA, akudziwa komwe kuli kusowa kwenikweni.

Kukacheza kumalo osungira ana amasiye ngati gawo la ulendo. Ana amenewa si oti alendo azisinthanasinthana kuwanyamula ola limodzi n'kuchoka. Ngati mukufuna kuthandiza, tumizani thandizolo kwa oyang'anira malowo mutafunsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma.

Kusankha mwana mmodzi chifukwa wamwetulira bwino kapena amalankhula Chingerezi, n'kumupatsa foni kapena nsapato zodula anzake akuona. Inu mukachoka, iye amatsala ndi nsanje ya mudzi wonse, ndipo foniyo kawirikawiri imalandidwa ndi wamkulu dzuwa lisanalowe. Ngati mwanayo akufunikadi thandizo, kambani ndi makolo ake pamaso pa aphunzitsi.